Kodi thumba la chimanga limagona kuti lisanafike kwa inu?

Ana inu, tiyambe ndi funso. Chimanga timakolola mu Epulo, Meyi ndi Juni. Nanga nsima imene mumadya mu Febuluwale, chimanga cha kumunda chikadali chobiriwira, ufa wake umachokera kuti? Miyezi yonseyo chimangacho chimakhala chikugona kuti, ndipo amachidikirira ndani?

Amene mumakhala kumudzi muyankha msanga kuti m'nkhokwe, kapena m'matumba amene amayi adasanja kuchipinda. Mwakhoza. Ngati kwanu kukadali nkhokwe yoluka ndi nsungwi, mukaiyang'ane bwino mawa. Siikhala pansi, imakhala pamwamba pa miyala kapena mitengo kuti chinyontho chisakwere. Ili ndi denga la udzu kuti mvula isalowe. M'mbali mwake mumadutsa mphepo kuti chimanga chipitirize kuuma. Ndipo si aliyense amene amaloledwa kukatapamo. Pakhomo pamakhala munthu mmodzi, kawirikawiri amayi kapena agogo aakazi, amene amadziwa kuti chatsala chochuluka bwanji ndipo chifika mwezi uti.

Dziko nalonso lili ndi nkhokwe zake. Mukamadutsa ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe, muona zinyumba zazitali zobulungira za simenti zitandandalikana, zooneka patali ndithu. Zimenezo ndi nkhokwe za dziko, ndipo zimayang'aniridwa ndi bungwe la National Food Reserve Agency, limene anthu amangoti NFRA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999. Zikadzaza, mumalowa chimanga chokwana matani 180,000. Tani imodzi ndi matumba 20 a makilogalamu 50, ndiye chulukitsani nokha: matumba 3,600,000! Nkhokwe zina zocheperapo zili ku Mzuzu, ku Mangochi ndi ku Luchenza. Palinso madepoti a ADMARC, bungwe limene lidayamba mu 1971, mashedi a fodya ndi a feteleza, nyumba zosungiramo mankhwala a m'zipatala, ndi za makampani ogulitsa shuga, sopo ndi mafuta ophikira.

M'nyumba iliyonse yotere muli munthu amene amagwira ntchito ya agogo aja. Antchito anzake amamutcha a manijala, ena amangoti bwana. Akhoza kukhala mayi, akhoza kukhala bambo. Lero tiyeni tilowe m'shedi ya chimanga tikaone zimene amachita kuyambira m'mawa.

Pageti

Lole yafika, yadzaza matumba, yafundidwa lona. Dalaivala watopa, wayenda usiku wonse, akufuna atsitse katundu azipita. Koma a manijala sathamanga. Amayamba apempha mapepala osonyeza kumene katunduyo wachokera, mwini wake, ndi kuchuluka kwake. Kenako loleyo imakwera pa sikelo.

Ee, ilipo sikelo yoyezera lole yathunthu. Ndi chitsulo chachikulu chafulati, chotalika ngati mlatho waung'ono, ndipo galimoto imangoyendapo n'kuima. Nanga poti tikufuna kulemera kwa chimanga chokha, osati kwa matayala ndi injini, amatani? Amayeza kawiri. Tiyerekeze kuti lole yodzaza yalemera makilogalamu 45,000. Atatsitsa matumba onse, ikweranso pa sikelo ili yopanda kanthu, n'kulemera makilogalamu 15,000. Chotserani. Chimanga ndi makilogalamu 30,000, kutanthauza matumba 600.

Tsono taonani chifukwa chake a manijala salola kungowerenga matumba ndi maso. Ngati m'thumba lililonse wina adatapamo theka la kilogalamu, chimanga chongodzaza manja awiri kangapo, palibe amene angazindikire poliona kapena polinyamula. Koma pa matumba 600 ndiye kuti pasowa makilogalamu 300, omwe ndi matumba asanu ndi limodzi athunthu. Sikelo ndiyo imaulula. Ndipo sikelo nayonso imayesedwa: akatswiri a ku Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo a malonda kuti aone ngati sakunama.

Kulemera kukakwana, nkhani sinathe. Kalaliki amatenga kachitsulo kosongoka kokhala ndi mphako, n'kubaya matumba apa ndi apo, ena a pamwamba, ena a pakati, ena a pansi penipeni. Kachitsuloko kamatulutsa maso a chimanga ochepa kuchokera m'kati mwa thumba. Amayang'ana ngati muli miyala, mchenga, zitsononkho, maso owola kapena ofumbwa. Kenako amathira masowo m'kamakina koyezera chinyontho.

Pano ndi pofunika kuimapo pang'ono, chifukwa mdani wamkulu wa chimanga saoneka ndi maso. Diso la chimanga, ngakhale liume gwa, ndi lamoyo. N'chifukwa chake mukalikwirira m'dothi lonyowa limamera. Limapuma pang'onopang'ono, ndipo likamapuma limatulutsa kutentha ndi chinyontho. Likakhala louma bwino, limapuma mochepa kwambiri ngati munthu amene wagona tulo tofa nato, moti likhoza kukhala miyezi yambiri osasintha. Koma likakhala ndi madzi ambiri m'kati, limapuma mofulumira, mulu wonse umayamba kutentha, ndipo chuku chimamera. Akatswiri amati chimanga chosunga chizikhala ndi chinyontho chosapitirira magawo 13 pa 100 alionse. Kamakina kaja kakaonetsa 16 kapena 17, a manijala amabweza loleyo, kapena amalamula kuti chimangacho chikayanikidwe kaye.

Dalaivala amadandaula, mwini chimanga amachonderera kuti, "Bwana, tangolandirani, chiumira momwemo." Ine ndimalemekeza kwambiri manijala amene amakana pamenepa, chifukwa kukana kotere si kophweka. Munthu wopemphayo ali pamaso pake, pomwe ana amene adzadye chimangacho ali kutali ndipo sadzamudziwa. Chuku china chimasiya poizoni wotchedwa aflatoxin m'chimanga ndi m'mtedza. Poizoniyu satha ngakhale muphike nsima ipse bwanji. Amawononga chiwindi ndipo amapinimbiritsa ana. Matumba ochepa onyowa akhoza kudwalitsa mulu wonse.

Kusanja n'kumanga

Tsopano amaganyu ayamba kutsitsa, thumba pamutu kapena paphewa, akuimba kuti ntchito ipepuke, kapitawo akuwerenga pakhomo. M'mashedi ena akuluakulu muli kagalimoto kokhala ndi mafoloko awiri kutsogolo, kotchedwa forklift, konyamula matumba ambiri kamodzi.

Matumba saponyedwa paliponse. Pansi amayamba ayala mapaleti, timathandala ta matabwa tokweza matumba kuti asakhudze simenti, monga momwe miyala imakwezera nkhokwe ya agogo. Simenti imaoneka youma, koma imakoka chinyontho kuchokera m'nthaka. Mulu sugunda khoma, amasiya mpata woti munthu adutse mozungulira, pafupifupi mita imodzi. Sugundanso denga, chifukwa malata amatentha masana ndipo usiku amachita thukuta n'kudontha.

Ndipo matumba amasanjidwa mopingasa ngati njerwa. Mudaonapo mmisiri akumanga nyumba? Saika njerwa pamwamba penipeni pa inzake, amailumphitsa kuti igwire ziwiri za pansi. Matumbanso chimodzimodzi: mzere uno ayang'ana uku, mzere wa pamwamba ayang'ana uko, kuti agwirane. Mulu wosanjidwa mwaulesi umapendekeka, ndipo ukagwa ukhoza kuthyola munthu msana kapena kumupha kumene. Kumbukirani kuti thumba limodzi limalemera kuposa ambiri a inu.

Kusanja bwino kuli ndi phindu linanso. Mulu wosanjidwa mwadongosolo umawerengeka osaugumula. Ngati mzere uliwonse uli ndi matumba 60, ndipo mizere yakwera 15, muluwo uli ndi matumba 900. Amene mumadandaula kuti matebulo a kuchulukitsa ndi otopetsa, dziwani kuti pali anthu amene amawagwiritsa ntchito tsiku lililonse asanamwe n'tiyi yemwe.

Pa mulu uliwonse amapachika khadi. Pamenepo pamalembedwa tsiku limene matumba adalowa, kumene adachokera, kuchuluka kwake, tsiku limene adathiridwa mankhwala, ndi matumba onse amene atuluka. Zomwezo zimalembedwanso m'buku lalikulu kapena m'kompyuta mu ofesi. Ngati mungandifunse kuti mtima wa ntchito imeneyi uli pati, ndiloza pomwepa. Nambala ya m'buku, nambala ya pakhadi, ndi matumba enieni amene ali pamapaleti, zitatuzi ziyenera kunena chinthu chimodzi. Buku likati 900, pansi pakapezeka 897, a manijala sapita kunyumba mpaka adziwe kumene matumba atatuwo apita. Mwina kalaliki adaiwala kulemba, mwina adang'ambika n'kuthiridwa m'matumba ena, mwinanso wina adawatulutsa mdima utagwa. Nthawi ndi nthawi amatseka zitseko, osalandira kapena kutulutsa kanthu, n'kuwerenga katundu yense kuyambira pakhomo mpaka kungodya. Amabweranso anthu ochokera kwina, ofufuza mabuku, kudzawerenga okha osadalira mawu a munthu.

Alendo osaitanidwa

Shedi yodzaza chimanga ili ngati phwando limene fungo lake lamveka mudzi wonse. Woyamba kufika ndi nankafumbwe.

Mudathyolako diso la chimanga n'kupeza m'kati muli ufa wokhawokha? Nayi nkhani yake. Nankafumbwe wamkazi amaboola kabowo kakang'ono padiso la chimanga, n'kuikiramo dzira, n'kumata pabowopo. Kunja simuona kanthu. M'katimo dzira limaswa kamphutsi, kamphutsiko kamadya chimangacho kuchokera m'kati, kamakula, ndipo pakatha mwezi ndi masiku angapo kamatuluka kali nankafumbwe wamkulu wokonzeka kuikira mazira ake. Choncho bowo limene mumaona padiso lofumbwa ndi khomo lotulukira. Mukaliona, mlendoyo wadya kale.

Pali wina woopsa kuposa ameneyu, amene alangizi amamutcha nankafumbwe wamkulu. Si wa kuno. Kwawo ndi ku Mexico ndi maiko a ku Central America. Adafika ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 adalowa m'Malawi kudzera kumpoto. Ameneyu amaboola chimanga chili pachitsononkho, amaboola makaka a chinangwa, amaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe, ndipo amasiya fumbi lambiri kuposa chimene wadya.

A manijala amalimbana naye bwanji? Chida choyamba n'chotchipa zedi: tsache. Shedi imasesedwa tsiku lililonse, chifukwa maso a chimanga otayikira m'ming'alu ndi m'ngodya ndiwo amasunga anankafumbwe kuti adzalowe m'chimanga chatsopano. Kukolola kusanayambe, shedi yonse imayeretsedwa ndi kupoperedwa mankhwala. Chida chachiwiri ndi maso ndi makutu. A manijala amazungulira mulu uliwonse, kuyang'ana fumbi loyera pansi, kupisa dzanja pakati pa matumba kuti amve ngati mukutentha, kununkhiza. Mulu wogwidwa kwambiri umachita kumveka phokoso la tizilombo tikudya ngati mutayandikitsa khutu pamalo pali zii.

Zikavuta, amaitana akatswiri ofukiza. Iwo amafunda mulu wonse ndi lona wamkulu wosatulutsa mpweya, amatsendereza m'mphepete mwake ndi timatumba ta mchenga, ndipo m'kati amaikamo mibulu ya mankhwala imene imatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa phosphine. Mpweyawo umalowa mpaka m'kati mwa diso la chimanga n'kupha mphutsi zobisala. Lonayo amakhala wosavundukulidwa kwa sabata kapena kupitirira, zitseko zili zokhoma, zikwangwani zochenjeza zili pakhomo. Apa ndikupemphani ndi mtima wonse, ana anga. Mibulu imeneyi imapha anthu. Ngati mwaiona pakhomo kapena pamsika, musaigwire, musainunkhize, ndipo musagone m'chipinda chimene muli matumba oikidwa mibuluyi. Pakhomo pali njira zina zosungira, monga matumba a PICS, okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati, amene akamangidwa bwino salowa mpweya ndipo anankafumbwe amafa okha popanda mankhwala.

Mlendo wachiwiri ndi khoswe. Mano ake akutsogolo sasiya kukula moyo wake wonse, choncho amangokhalira kutafuna: matumba, matabwa, mawaya a magetsi. Chimene amadya n'chochepa poyerekeza ndi chimene amawononga ndi mkodzo ndi zitosi zake, ndipo waya wotafunidwa ukhoza kuyambitsa moto. Khoswe wamkazi amakhala ndi bere milungu itatu yokha, choncho makoswe amachulukana msanga. N'chifukwa chake a manijala amalamula kuti udzu wozungulira shedi uzitchetchedwa, mabowo azitsekedwa, misampha izitcheredwa, ndipo mazenera azikhala ndi waya wotchinga mbalame.

Mlendo wachitatu amabwera kuchokera kumwamba. Mvula isanayambe, mu Okutobala, a manijala amalowa m'shedi masana dzuwa lili paliwombo, amatseka zitseko, n'kuyang'ana kudenga. Paliponse pamene pakulowa kakuwala, pamenepo padzalowa madzi. Kabowo ka msomali kamaoneka kachabe, koma kakadontha nyengo yonse ya dzinja pa mulu umodzi, matumba a pakati amawola anthu akuona a kunja ali bwinobwino. Zotere zidachitikapo ngakhale m'nkhokwe zazikulu: mu 2013 kudamveka kuti chimanga chambiri chidawonongeka ku Kanengo chifukwa madzi a mvula ankalowa m'nkhokwe. M'nkhokwe zazitali ngati zimenezo chimanga sichikhala m'matumba, chimangothiridwa, choncho oyang'anira amayeza kutentha kwa m'kati ndi zipangizo, ndipo nthawi zina amachisamutsa kuchoka m'nkhokwe ina kupita m'inzake kuti chipitidwe mphepo.

Wolowa poyamba atuluke poyamba

Tsiku lotulutsa katundu lafika. Lole yaima pakhomo. Mulu umene uli pafupi ndi khomo ndi wa chimanga chimene chidalowa mwezi watha, ndipo chimene chidalowa chaka chatha chili kumapeto kwenikweni kwa shedi. Amaganyu angakonde atenge chapafupi, poti ulendo wake ndi waufupi. A manijala amaloza chakutalicho. Chakale chikamangotsala kumbuyo, tsiku lina chidzapezeka chosadyeka. Amayi anu amachitanso zomwezi akamamaliza ufa wakale asanatsegule wa kuchigayo dzulo.

Kumene amasunga mankhwala a chipatala lamuloli amalikhwimitsa kwambiri. Ku Central Medical Stores Trust, bungwe limene limasunga ndi kutumiza mankhwala m'zipatala za boma, ndi m'nyumba zina zonse zotere, sayang'ana tsiku lolowa lokha. Amayang'ana tsiku limene mankhwalawo adzathe mphamvu, lolembedwa pabokosi, ndipo amene tsiku lake layandikira ndiwo amatuluka poyamba. Akatemera ambiri amafunanso kukhala pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8, usana ndi usiku. Magetsi akazima pakati pa usiku, woyang'anira ayenera kudziwa kuti jenereta yayaka. Katemera amene mudabayidwa muli makanda adadutsa m'manja mwa anthu otere.

Ndipo palibe thumba kapena bokosi limene limatuluka popanda pepala losainidwa ndi woyenera. Kalaliki amawerenga, dalaivala amawerenga n'kusaina, mlonda wa pageti amaonanso pepalalo. Ngakhale abwere munthu wotchuka, ngakhale abwere malume awo enieni a manijala n'kunena kuti, "Mphwanga, kunyumba kwagona njala, tandipatsako kathumba kamodzi," yankho ndi lomwelo. Ngati akufuna kuthandiza amalume, apise m'thumba mwawo akagule. Za m'shedi si zawo.

Akuluakulu amati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Mwambiwu ndi woona, ndipo n'chifukwa chake banja lililonse limayesetsa kusunga chakudya chake. Koma chilala chikagwa, kapena madzi akasefukira n'kukokolola nkhokwe ndi nyumba zomwe, monga zidachitikira m'maboma a kummwera pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, phukusi la moyo la anthu zikwizikwi limapezeka kuti lili m'manja mwa munthu wina amene sadamuonepo. Nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi imatuma malole ku mashedi, ndipo tsiku limenelo ndi pamene zimadziwika ngati buku linkanena zoona. Mufunse makolo anu za njala ya 2002. Chimodzi mwa zinthu zimene zidaikulitsa n'chakuti chimanga cha m'nkhokwe za dziko chidali chitagulitsidwa m'zaka za 2000 ndi 2001, moti njala itafika nkhokwe zidali pafupifupi zopanda kanthu, ndipo anthu ambiri adamwalira. Kugulitsa chimanga cha dziko si chiganizo cha manijala wa shedi, chimachokera kwa akuluakulu a pamwamba. Koma akuluakuluwo sangaganize bwino ngati nambala zimene akulandira kuchokera kushedi zili zabodza.

Zimene siziyenera kugona pamodzi

A manijala amayeneranso kudziwa khalidwe la katundu aliyense. Sopo akagona pafupi ndi ufa kapena tiyi, fungo lake limalowerera. Feteleza, mankhwala a mbewu ndi parafini siziloledwa m'chipinda chimodzi ndi chakudya. Shuga ndi mchere zimakoka chinyontho. Thonje limagwira moto msanga.

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, tipite kutali pang'ono, ku doko la mzinda wa Beirut m'dziko la Lebanon. M'shedi ina kumeneko mudasungidwa matani pafupifupi 2,750 a ammonium nitrate, mankhwala amene amapangira feteleza komanso zophulitsira miyala. Adakhala m'menemo zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi popanda chisamaliro choyenera. Pa 4 Ogasiti 2020 m'shedimo mudabuka moto, mankhwalawo adaphulika, anthu oposa 200 adafa, ndipo gawo lalikulu la mzinda lidagumuka. N'chifukwa chake m'shedi yoyendetsedwa bwino simusutidwa fodya, zozimitsira moto zimakhala poonekera, ndipo njira zotulukira sizitsekedwa ndi katundu.

Ndipotu katundu wofunika kuposa onse m'shedi ndi anthu. A manijala amagawa ntchito, amaona kuti onyamula matumba ali ndi majombo ndi zotchinga kumphuno pa fumbi, kuti woyendetsa forklift adaphunzira, kuti amaganyu alipidwa molingana ndi matumba amene anyamula, kuti mlonda wa usiku ali ndi tochi yoyaka. Amathetsa mikangano ya madalaivala okanganirana pamzere. Amayankha lamya za eni katundu. Amakonzekeratu malo a malole amene afike sabata ya mawa, chifukwa lole ikafika shedi ili yodzaza, chimanga chigona panja.

Pali ntchito ina yatsopanoko imene imandisangalatsa. Pa nthawi yokolola mitengo ya mbewu imatsika chifukwa aliyense akugulitsa. Mlimi amene sakufuna kugulitsa motchipa akhoza kupititsa chimanga kapena soya wake kushedi yovomerezeka. A manijala amayeza kulemera ndi ubwino wake, n'kumupatsa lisiti. Ndi lisitilo mlimi akhoza kukatenga ngongole, n'kudzagulitsa mbewu zake mitengo ikakwera. Bungwe la Agricultural Commodity Exchange for Africa, kapena kuti ACE, ndi limodzi mwa amene amayendetsa njira imeneyi m'Malawi. Taganizani: wobwereketsa ndalama sadaone ngakhale thumba limodzi. Wangokhulupirira kapepala chifukwa cha dzina la amene wasainapo.

Mwina kusukulu kwanu mumalandira phala m'mawa. Bungwe la Mary's Meals lidayamba kudyetsa ana a sukulu kuno ku Malawi mu 2002, ndipo palinso mabungwe ena amene amachita zomwezo. Ufa wa phalalo, wosakaniza chimanga ndi soya, umagona m'shedi yaikulu usanakwere lole, ndipo ukafika pasukulu umagonanso m'kachipinda kokhoma. Kachipinda kameneko ndi shedi yaing'ono, ndipo aphunzitsi kapena amayi a komiti amene amasunga kiyi ndi kope ndiwo a manijala ake. Muwapemphe mwaulemu kuti akuonetseni. Muone ngati matumba akwezedwa pa matabwa, ngati atalikirana ndi khoma, ndipo mufunse kuti amadziwa bwanji thumba loyenera kutsegulidwa poyamba.

Amene mwayamba kuisirira ntchitoyi, limbikirani masamu, chifukwa mwaona kuti ali paliponse. Limbikiraninso sayansi ndi ulimi kuti mudziwe za tizilombo ndi chinyontho, phunzirani kulemba zooneka bwino, ndipo mpata wa kompyuta ukapezeka musautaye. Ambiri amayamba ngati makalaliki owerenga matumba pakhomo, kenako n'kuphunzira za kagulidwe, kasungidwe ndi kayendetsedwe ka katundu ku koleji.

Yesani izi pakhomo

Mulibe kamakina koyezera chinyontho, koma mukhoza kuyeza chimanga cha kwanu ndi botolo ndi mchere. Pemphani chilolezo kwa amayi kaye.

Pezani botolo lagalasi loyera, lokhala ndi chotsekera, ndipo likhale louma kwenikweni m'kati, popanda ngakhale kadontho. Tengani mchere wosalala, muuyanike padzuwa lamphamvu mpaka uume, chifukwa mchere wonyowa ukunamizani. Thirani maso a chimanga m'botolomo mpaka afike gawo limodzi mwa magawo atatu, onjezani masupuni awiri kapena atatu a mchere uja, tsekani zolimba, ndipo khutchumulani kwa mphindi imodzi. Kenako liikeni pamthunzi kwa mphindi 15, n'kulikhutchumulanso.

Tsopano liyang'aneni pakuwala. Mchere ukamata m'mbali mwa galasi, ndiye kuti wakoka madzi kuchokera m'chimangacho, ndipo chimangacho chiyenera kubwerera pamphasa chikayanikidwe masiku ena angapo. Galasi likakhala loyera, mchere uli pansi wokhawokha, kauzeni amayi kuti chauma, asoke matumba. Mukatero tengani kope lakale, mulembe tsiku la lero ndi nambala ya matumba amene alowa m'chipinda, ndipo musiye mizere yambiri pansi pake yodzalembapo thumba lililonse limene lidzapite kuchigayo.